Apepani ndi Nyimbo ya Njenjete

Apepani anali atamwalira kasanu ndi kawiri pa zaka zinayi, ndipo ulendo uliwonse ankamwalira mwaulemu, osavutitsa munthu. Ntchito yawo ya masana inali imeneyo. Makatuni a ana akafika ku situdiyo kuti awalowetse mawu a chinenero chathu, pankafunika mayi wokoma mtima woti ayimbe kanyimbo kogonetsa mwana, kenako afe filimu isanathe mphindi khumi, kuti mwanayo apeze chifukwa choyendera dziko. Mayi ameneyo ankakhala Apepani. Anakhalapo mayi wa kamwana ka bakha, anakhalapo mayi wa kanyenyezi, ndipo m'filimu yatsopanoyi anali juzi yaubweya, mayi wake wa kabatani kofiira. Juziyo inkakodwa pa msomali n'kumasuka ulusi wonse pa mphindi yachisanu ndi chitatu.

Dzinali sanabadwe nalo. Analitola ku ntchito yawo ya m'mawa, pa kauntala ya sitolo yochapa ndi kusita zovala, kumene anali atagwira zaka makumi awiri. Munthu akabwera ndi jekete limene wadzithira yekha mafuta, iwo ankati pepani. Wina akawaponda phazi m'basi, ankayamba ndi iwo kunena pepani. Amuna awo, omwe ankakonza mawotchi pa khonde la sitolo ya mankhwala, ankalumbira kuti tsiku lina anawapeza akupepesa chitseko cha firiji. Kaya zinali zoona kaya ayi, koma aliyense wowadziwa ankakhulupirira.

Lolemba limenelo anali atamaliza kufa, akupinda pepala lawo m'kachipinda kojambulira mawu. Kachipindako kanali komata siponji m'makoma onse, kotentha, kokhala ndi maikolofoni imodzi ndi sikirini yoonetsa katuniyo. Kuseri kwa galasi kunkakhala anthu awiri. Wina anali wa makina, amene onse ankamutcha Makutu chifukwa ankamva ngakhale kulira kwa m'mimba mwa woyimba. Winayo anali wotsogolera ntchito, bambo wa ndevu zosapesa, dzina lake Tibwereze, poti mawu amenewo ndi amene ankatuluka pakamwa pake tsiku lonse.

Tibwereze anali atagwira mutu. Mayi amene anayenera kuyimba nyimbo ya munthu woipa wa m'filimuyo anali atangoyimba foni kuti adokotala amuletsa kuyimba kwa miyezi iwiri. Woyimba wina wa pa wailesi anavomera kubwera, koma Lachisanu masana.

Makutu, posowa chochita, anangotsegula chigawo cha woipayo, ng'oma ndi malipenga okha popanda mawu. Apepani anali atagwira kale chitseko, koma anaima. Pa sikirini kabati wa zovala anatseguka yekha, ndipo munatuluka Njenjete, kachilombo kodya zovala kaja, koma atamujambula wamkulu, wamapiko otuwa ngati khoti la mayi wolemera. Anatsika pa mahang'ala pang'onopang'ono, akulawa kolala apa, kununkhiza mkono apo. Malaya onse ankanjenjemera. Iye ankangomwetulira.

Apepani ankazidziwa njenjete. Zaka makumi awiri akutembenuza zovala za anthu, anaona kuti kachilomboka kali ndi matama: kamasiya nsanza n'kukadya suti yaubweya imene mwini wake amaisungira tsiku lalikulu. Koma anali asanaganizepo kuti kangakhale kakusangalala pochita zimenezo.

"Pepani," anatero pa maikolofoni. "Kodi ndingayeseko?"

Iwo eni anadabwa kumva mawuwo. Tibwereze anayang'ana Makutu, Makutu anayang'ana mabatani ake.

"Yesani, amayi," Tibwereze anayankha. "Kuyesa sitiletsa."

Anawapatsa pepala la nyimboyo. Apepani anavalanso mahedifoni, nawerenga:

*Tsegulani kabati, mwini wafika,*
*sindigogoda, sindinena odi.*
*Munkati ndi fumbi, munkati n'kanthu kachabe,*
*lero kolala, mawa mkono wa malaya,*
*mkuja diresi la ukwati, ndi ulusi womwe.*

Iwo anaganiza monga angaganizire munthu aliyense wabwino, kuti woipa ayenera kukhala ndi mawu oipa. Choncho anakwinya nkhope, kufinya kukhosi, n'kuyamba kubangula. Anabangula ndime yonse mpaka misozi kulengeza. Atamaliza anati, "Pepani."

"Amayi, mwadwala?" Tibwereze anafunsa ndi nkhope yachisoni chenicheni. "Ana akamva zimenezi athamanga kukakutungirani madzi akumwa."

Makutu anabisa nkhope kuseri kwa kapu ya tiyi.

Komabe Tibwereze sanali wouma mtima, ndiponso m'kati mwa kubangulako anamvamo kanthu. Anawauza kuti abwerenso Lachitatu, kenako Lachisanu m'mawa. Ikakana Lachisanu m'mawa, masana ake nyimboyo ipita kwa wa pa wailesi uja, iwo abwerere ku imfa zawo.

Apa ndi pamene Apepani anazindikira kuti ankaifuna nyimboyo, ndipo ankaifunitsitsa. Zaka zinayi mawu awo anali asanafikepo kumapeto kwa filimu. Adzukulu a anzawo ankati akawamva pa kanema, ankangoti, "Awo ndi amayi aja amafa aja."

Akuvala sikafu, anafunsa funso limene linali litayamba kuwayabwa. "Bwana, n'chifukwa chiyani mukuvutika chonchi ndi nyimbo ya woipa? Kabatani kaja kali ndi nyimbo zitatu, zokoma bwino."

"Amayi, tsiku lina mudzabwere tikamaonetsa ana filimu koyamba," Tibwereze anatero. "Wabwino akayamba kuyimba za maloto ake, theka la ana limakumbuka kuti likufuna kupita kuchimbudzi. Woipa akangotsegula pakamwa, zii, palibe wotafuna ngakhale siwiti. Amabisala kumbuyo kwa amayi awo, koma diso limodzi lili panja. Potuluka onse akuyimba yomweyo."

"Chifukwa chake?"

"Ndikanadziwa, ndikanalemba ndekha khumi."

Funsolo anakwera nalo basi. Ana amene timawaphunzitsa kugawana, kupepesa, kudikira akulu ayambe, n'chifukwa chiyani amathamangira nyimbo ya wosagawana, wosapepesa? Kodi mwa mwana aliyense muli kanjenjete? Nanga mwa iwo munali chiyani chimene chinasiya chitseko n'kubwerera pa maikolofoni? Anapitirira siteji yawo, ndipo anapepesa kondakitala.

Kunyumba anapeza amuna awo pa tebulo, atavala kagalasi kawo ka diso limodzi, akutokosa wotchi ya munthu. Anawafotokozera zonse.

"Ine ndimaona chonchi, mayi," bambowo anatero osadzutsa mutu. "Wabwino amayimba zimene akulakalaka, mwina mwina, tsiku lina, zikadzatheka. Woipa amayimba zimene achite mawa m'mawa. Ali ndi pulani. Munthu wa pulani amakoma kumumvera, ngakhale pulaniyo ikhale yodya suti yanga."

"Ndiye ine ndingathe?"

Bambowo anachotsa kagalasi, nawayang'ana mwachikondi chokwiyitsa. "Inu, mayi? Inu mukhoza kudya kolala, koma mubwera mawa lake ndi singano kudzasoka."

"Mukunena za ndani?" Mawuwo anachokera pa mpando wa pawindo.

Pa mpando umenewo pankakhala alamu awo, mlongo wake wamkulu wa bambowo. Anabwera zaka zitatu zapitazo, banja lawo litatha, ndi masutikesi awiri ndi galasi lalitali loyang'anira nkhope, kudzakhala masabata awiri. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Anatenga chipinda chimene munkakhala makina osokera a Apepani, makinawo n'kukakhala pansi pa bedi la Apepani. Anatenganso mpando wa pawindo, umene Apepani anagula ndi malipiro awo oyamba a ku situdiyo kuti azikhalapo akaweruka. Palibe anawapatsa, palibenso anawaletsa. Anangokhalapo tsiku loyamba, ndipo Apepani anati, "Pepani alamu, ndikuchotsereni nsalu yangayi, ingakupwetekeni msana."

"Palibe, achemwali," bambowo anayankha. "Za ku ntchito."

"Ntchito ya zidole ija?" alamuwo anatero. Anatseka milomo, kuseka kukuyambira m'mphuno, kenako n'kutsegula pakamwa kamodzi, ha, ngati munthu wotsegula botolo la chakumwa. "Ine ndiye ayi."

Lachitatu Apepani anasiya kubangula. Anayimba ndi mawu awo enieni, ndipo Tibwereze anati tibwereze kasanu ndi kamodzi. Kenako anapita kukasuta, kusiya Makutu.

"Amayi, talowani kuno muone," Makutu anatero.

Kanali koyamba kulowa kuseri kwa galasi. Pa kompyuta panali mizere iwiri yokwera ndi kutsika. Makutu analoza ndi pensulo. "Wapamwambawu ndi ng'oma. Wapansiwu ndinu. Mukuona? Mzere uliwonse wa nyimboyi mukulowa ng'oma isanagunde. Pang'ono zedi, koma nthawi zonse."

"Ndimaopa kuchedwetsa oyimba zida."

"Oyimba zidawo anajambula chaka chatha, amayi, pano ali kwawo. Ukakhala mayi wogonetsa mwana, kufulumirako kumamveka ngati chikondi. Koma Njenjete sathamangira ng'oma. Ng'oma igunde kaye, aliyense acheuke, adikire, iye n'kulowa. Tamverani amene anayimba m'chinenero choyambirira."

Anatsegula. Apepani sanamve liwu ndi limodzi lomwe la chinenerocho, koma anamva kampata kaja. Ng'oma inkagunda, pankakhala kabowo kakang'ono, ndipo mtima wa womvera unkagweramo. Kenako mawu ankabwera, osapupuluma.

"Kuchedwa kwake kotalika bwanji?"

"Kuphethira kamodzi."

Kenako Makutu anamwetulira mwamanyazi. Anati pali chinanso. Ntchito yake ina inali kudula tiphokoso tosafunika, kutsokomola, kupuma, kumeza malovu. Za anthu ena ankataya. Koma za Apepani anazitsegulira malo ake, chifukwa zinali zofanana zonse. Anadina batani, ndipo m'chipindamo munadzaza mawu awo: pepani, pepani, pepani bwana, pepani ndalakwitsa, pepani, ena okwera, ena otsika, a zaka zinayi, otsatizana ngati mikanda.

Apepani anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anachita manyazi kwambiri, ndipo atatsegula pakamwa kuti anene kanthu, anazindikira chimene chinali kubwera, n'kutseka msanga.

Anabwerera m'kachipinda, nayesa kuchedwa. Ankawerenga mumtima, ng'oma, phethi, lowa. Makutu anati mizere tsopano ili pamalo pake. Tibwereze atabwera anamvera, napukusa mutu.

"Mukuchedwa ngati munthu amene wauzidwa kuti achedwe. M'kampatako mulibe kanthu, amayi. Lachisanu."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Apepani anayala tebulo, naitana anthu kudzadya. Bambo anabwera nthawi yomweyo. Alamu anali kuchipinda. Anaitanidwa kachiwiri. Chakudya chinayamba kuzizira, bambo atagwira supuni m'mwamba, maso onse ali kukhomo. Chitseko chinatseguka, alamu anaima pakhomopo, anakonza ndolo, anayang'ana chipinda chonse ngati akuwerenga katundu wawo, kenako n'kulowa.

Apepani anatsala pang'ono kugwetsa mbale. Ng'oma inagunda kale, onse anacheuka, anadikira, iwo n'kulowa. Zaka zitatu anali kukhala ndi Njenjete m'nyumba, n'kumakwera mabasi awiri kukamusaka ku situdiyo.

Kuyambira pamenepo anawasandutsa alamuwo sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha Apepani anali nako kochuluka. Anaona kuti alamu akafunsidwa funso sayankha msanga, amayamba amwa tiyi. Anaona kuti safunsa ngati shuga alipo, amangotambasula dzanja shuga n'kubwera. Akanyoza chinthu, amachinyoza mokoma, mawu akutsetsereka, moti wonyozedwayo amayamba wasangalala kenako n'kumva kuwawa ali panjira. Ndiye kuseka kuja. Apepani anakuyeserera kubafa atatsegula mpopi, kuyambira m'mphuno, milomo ili chitsekere, kenako ha.

"Mlamu, mwandiyang'ana kwambiri lero," alamuwo anatero. "Ndamera nyanga?"

"Ayi alamu, pepani."

Lachinayi anaweruka msanga ku sitolo yochapa. Anatenga khoti la alamu, limene alamuwo anawapatsa sabata yatha kuti akalichape mosamala, poti linali la ubweya weniweni, osati zanu za pamsikazi. Pochapa, Apepani analitembenuza monga ankachitira ndi chovala chilichonse. Kunja linali lonyadira. M'kati nsalu yake inali zigamba zokhazokha, zosokedwa pamanja, ndi ulusi wa mitundu yosiyana, zina pamwamba pa zinzake. Munthu anakhala akulisoka khotili kwa zaka, chitseko chili chotseka, m'chipinda chimene kale munali makina osokera.

Analowa m'nyumba mwakachetechete monga mwa chizolowezi chawo. Panja panali mayi woyandikana nawo nyumba, amene anabwera kudzacheza ndi alamu, akudikira pa khonde. Chitseko cha alamu chinali chotseguka pang'ono. Apepani anakweza dzanja kuti agogode, koma anaona m'galasi lalitali lija.

Alamu anali chiimire, atavala kale, ndolo zili m'makutu. Manja awo anali atagwirana pamimba. Nkhope yawo inali ya munthu wina, wokalamba, wotopa, wamantha. Anakoka mpweya wautali, kawiri, katatu. Kenako ananong'oneza galasilo, "Dzuka iwe. Usapemphe. Ukangopempha akuuza tsiku lonyamuka."

Ndipo Apepani anaona nkhopeyo ikubwerera, chibwano chikukwera, milomo ikupindika. Anabwerera chambuyo mpaka kukhitchini, khoti lili pamkono, asanaonedwe. Patapita kanthawi anamva chitseko, kenako mawu otsetsereka aja pa khonde: "Mwadikira? Dikirani, zabwino sizifulumira."

Apepani anakhala pa kampando ka kukhitchini nthawi yaitali. Anamva chisoni, chisoni chenicheni. Koma chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wawo sunachoke. Unakhala pomwepo pambali pa chisonicho, ndipo kanali koyamba kuutchula dzina. Anali okwiya chifukwa cha mpando, chifukwa cha makina ali pansi pa bedi, chifukwa cha zaka zitatu za ine ndiye ayi. Tsono kampata kaja sikanali kopanda kanthu. Munali munthu akumeza mantha, n'kusankha kuti lero sapempha. Mwina ana amamva zimenezo. Iwo tsiku lonse amakhala akupempha, madzi, chilolezo, kukhululukidwa, ndipo kwa mphindi zitatu amaona wina wamng'ono ngati iwo, wotchedwa fumbi, akutsegula kabati osagogoda. Amadziwa kuti pamapeto agwa. Mwina n'chifukwa chake amamulola.

Lachisanu m'mawa Apepani anafika nthawi yake. Tibwereze anali ndi maso ofiira ndi foni m'manja, nambala ya wa pa wailesi ili pamwamba. Apepani anapachika chikwama, anavala mahedifoni, napempha Makutu kuti azimitse getsi la m'kachipindako, kutsale kuwala kwa sikirini.

Malipenga anayamba. Kabati anatseguka. Ng'oma inagunda.

Sanawerenge. Anangoima pakhomopo, mumtima mwawo, n'kuyang'ana zonse zimene zinali zawo: mpando wa pawindo, makina, imfa zisanu ndi ziwiri, majekete onse amene anapepesera eni ake. Anakweza chibwano.

*Tsegulani kabati, mwini wafika.*

Mawuwo anatuluka otsika, osalala, okoma kuposa kanyimbo kalikonse kogonetsa mwana kamene anayimbapo. Sanabangule. Anawalawa mawuwo limodzi limodzi. Pa *munkati ndi fumbi* panamveka kanthu kosweka pang'ono pansi pake, ndipo sanakabise. Pofika pa diresi la ukwati anali akusangalala moti mapewa ankavina okha. Pa sikirini Njenjete anaponya mutu kumbuyo kuti aseke. Apepani anatseka milomo, kuseka kukuyambira m'mphuno, kenako ha.

Nyimbo inatha. Kuseri kwa galasi, chala cha Makutu chinali pa batani lodulira, chikudikira liwu la nthawi zonse lija. Chinadikira, chinadikirabe. Apepani ankangomwa madzi.

Tibwereze anaika foni pa tebulo chafufumimba. "Tibwereze," anatero.

"Palakwika pati, bwana?"

"Palibe. Ndikungofuna ndimvenso."

Anawauza kuti Lolemba adzasaine mapepala ndi kuyamba mawu onse a Njenjete, mpaka kumapeto kwa filimu. Makutu anawaikira nyimboyo mufoni kuti aziyeserera. Powapatsa anafunsa, "Koma kusekako, amayi, mwakutenga kuti? Kumeneko si kopeka."

Funso limenelo linawadyera chimwemwe theka ali m'basi. Filimuyo ikadzatuluka idzalira m'nyumba iliyonse ya mumsewu mwawo, kangapo patsiku, monga amachitira ana. Mayi woyandikana nawo uja adzakuzindikira kusekako pa ulendo woyamba. Alamu adzamvera kwa anthu, kapena kwa ana akuwayeserera kuseri kwa mpanda.

Loweruka masana, atatha kudya, anaika foni pa tebulo la pabalaza. Alamu anali pa mpando wa pawindo, akudula zikhadabo.

"Alamu, ntchito ya zidole ija andipatsa gawo lalikulu. Ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa ena."

Anatsegula. Bambo atangomva mzere wachiwiri anayang'ana mkazi wawo ngati amuona koyamba. Atamva kusekako, anakumbuka mwadzidzidzi kuti pali wotchi ina yofunika kwambiri kuchipinda, ndipo anathamangirako ndi liwiro la mnyamata.

Foni inakhala chete. Alamu anali atasiya kudula zikhadabo.

"Kuseka uko n'kwanga," anatero.

"Inde, alamu."

Alamuwo anadikira. Onse awiri ankadziwa chimene ankadikira. Liwulo linakwera mpaka pa lilime la Apepani, lozolowera njira, ndipo iwo analigwira ndi mano.

"Ndiye mwandipanga chiyani? Mfiti?"

"Njenjete. Imakhala m'kabati mwa eni, n'kumadya zovala."

Alamu anayang'ana pawindo. Manja awo anapita pamimba n'kugwirana. "Pamapeto chimamuchitikira n'chiyani?"

Apepani akanatha kunama. Sananame. "Amatsegula windo n'kumuthamangitsa. Amauluka yekha kupita kunja."

Apepani anaona chibwano cha alamu chikutsika, nkhope ya m'galasi ija ikufuna kutulukira pamaso pa munthu, ndipo zinawapweteka kwambiri.

"Ndi zimene mukundiuza, mlamu? Nditsegulire masutikesi?"

"Ndikanafuna kunena zimenezo ndikanazinena, alamu. Masiku ano ndikuphunzira." Anapuma. "Kusekako n'kwanu. Njala ili m'nyimboyo ndi yanga. Makina anga ndikuwafuna atuluke pansi pa bedi. Ndiwaika m'chipinda chanu, pakona, ndipo masana ndizilowa kudzasoka. Choyamba ndisoka khoti lanu, m'kati monse, nsalu yatsopano."

Alamu anatembenuka msanga, maso ali gwa. Anazindikira kuti khotilo linatembenuzidwa. Kanthawi ndithu sanayankhe, ndipo Apepani sanadzaze kampatako. Ankadziwa tsopano chimene chimachitikamo.

"Anawo," alamu anatero pomaliza, mawu ali okanda pang'ono, "amamukonda ameneyu?"

"Akuti akayamba kuyimba palibe mwana amapita kuchimbudzi. Potuluka onse amayimba yake. Ya wabwino saikumbuka."

"Hm." Chibwano chinayamba kukwera. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Tabwezerani pamene akusekapo."

Apepani anabwezera. Alamu anamvera atapendeketsa mutu, ngati munthu wogula nsalu amene akusaka polakwika.

"Mwafulumira. Ha ameneyo mwamutulutsa asanapse. Komanso munthu saseka chotero atakhala pansi, mpweya umakanika." Anaika chodulira zikhadabo pa tebulo, nadzuka, nakaima pakati pa balaza, mapewa kumbuyo. "Yang'anani kuno. Ngati mukuba, ibani bwino, musandichititse manyazi pa kanema."

Apepani anafuna malo oonera bwino, ndipo malo abwino anali amodzi okha. Anadutsa pabalaza osafulumira, nakhala pa mpando wa pawindo. Unali ukadali wofunda.

Alamu anaona. Maso awo anapita pa mpando, kenako pa nkhope ya Apepani, ndipo anakhala pamenepo kuphethira kamodzi. Kenako anatseka milomo, nayamba kuseka kuyambira m'mphuno.